Thambo n'lalikulu, zibowo n'zochepa: amasankha bwanji zoti ayeze?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina ku Salima. Akuti: "Ku kalabu yathu ya sayansi tinawerenga kuti makina ojambula thambo apeza zinthu mamiliyoni mazanamazana, koma zomwe zayezedwa bwinobwino n'zochepa. Mtsikana wina wa Fomu 3 anandifunsa kuti, ngati zonsezo zimangooneka ngati timadontho toyera, akatswiri amadziwa bwanji kuti aka ndi quasar, aka n'kanyenyezi kachilendo, aka tikasiye? Nanga zachilendo zenizeni sizitayikira momwemo? Ndinasowa chomuyankha."

Aphunzitsi, zikomo, ndipo mtsikanayo mukam'patse moni wanga. Funso lake lachiwirilo ndiyankhiretu: inde, zimatayika. Pali china chomwe chinakhala pachithunzi zaka zoposa 40 anthu akungochidutsa, ndipo nkhani yake ndiifika. Koma ayambe wadziwa kuti pa kafukufuku wa thambo pali ntchito ziwiri, ina yotchipa, ina yodula kwambiri.

Yotchipayo ndi kujambula. Titenge kafukufuku wotchedwa Sloan Digital Sky Survey, mwachidule SDSS, poti ndi amene ambiri a ife tinaphunzirirapo ntchitoyi. Telesikopu yake ili ndi galasi la mamita 2.5, ili pa phiri la Apache Point ku New Mexico, m'dziko la America, ndipo inayamba ntchito yake yeniyeni m'chaka cha 2000. Kamera yake inajambula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a thambo lonse, ndipo m'zithunzizo kompyuta inawerenga zinthu pafupifupi 500 miliyoni. Chombo cha ku Ulaya chotchedwa Gaia chinaposa pamenepo: mndandanda wake wa 2022 uli ndi zinthu 1.8 biliyoni. Kamera siisankha. Chilichonse chomwe chili kutsogolo kwake imakokolola.

Yodulayo ndi kutenga spectrum. Kuwala kwa kadontho kamodzi kumakuswa ngati mmene prism ya mu labu yanu imaswera kuwala kwa dzuwa kukhala utawaleza, kenako n'kuwerenga mizere yowala ndi yakuda yomwe ili mu utawalezawo. Mizere imeneyo ndiye chiphaso cha chinthucho. Imanena kuti muli haidrojeni, okosijeni kapena chitsulo, imanena kutentha kwake, liwiro lake, komanso kuti kuwalako kwatambasuka bwanji pa ulendo wake wobwera kuno, komwe timati redshift (nambala yake ikakula, ndiye kuti chinthucho chili kutali). Popanda spectrum, munthu amangoti "kakuoneka ngati quasar", kutanthauza chinthu chowala koopsa chakutali kwambiri chomwe chimaoneka ngati kanyenyezi. Ndi spectrum amati "ndi quasar, ndipo ali apa".

Mmene SDSS inkachitira zimenezi kwa zaka pafupifupi 20 n'zomwe zimaonetsa bwino kuvuta kwa kusankha. Ankatenga mbale yozungulira ya aluminiyamu, kukula kwake masentimita pafupifupi 80. Mbale imodzi inkaimira kachigawo ka thambo ka madigiri atatu, ngati mutandandalika miyezi yathunthu isanu ndi umodzi. Makina a ku University of Washington ankaboola zibowo pambalepo, chibowo chilichonse pamalo enieni pomwe kuwala kwa chinthu chosankhidwa kudzagwere. Kenako paphiri paja masana anthu ankazika ndi manja faiba (kaulusi kagalasi konyamula kuwala) imodziimodzi m'zibowomo, ngati akuwokera mpunga ku Lifuwu, kuti usiku kuwala kuyende m'mafaibamo kukafika ku makina oswa kuwala. Poyamba zibowo zinali 640, ndipo kuyambira 2009 zinafika 1,000. Mbale imodzi inkadya pafupifupi ola la usiku wopanda mitambo. Ndiponso si zibowo zonse zomwe zinkaloza zinthu zofunidwa. Zina ankazilozetsa dala pomwe palibe kanthu, kuti ayeze kuwala kwa mpweya wa dziko lathu n'kukuchotsera, zina pa nyenyezi zodziwika kale zoyezera makina. China chowawa: mafaiba awiri sankatha kuyandikana kuposa masekondi 55 a ngodya, komwe ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 33 a kukula kwa mwezi. Zinthu ziwiri zokongola zikayandikana kuposa apo, china chinkatsala, pokhapokha mbale ina itadzadutsanso pamalopo.

Mukawerengera, pa zinthu 100 zilizonse zojambulidwa, pafupifupi chimodzi chokha n'chomwe chinapeza chibowo. Ndipo poti mbale inkabooledwa kale usiku woyeza usanafike, panalibe zoti munthu adzasintha maganizo ali pa telesikopu. Mndandanda ndiye unali zonse.

Kusefa koyamba n'kosavuta. Kompyuta imaona ngati kadonthoko kali kakuthwa ngati nsonga ya singano, kapena kambuu kotambalala. Kakuthwa n'kanyenyezi kapena quasar, kotambalala ndi mlalang'amba, khamu lalikulu la nyenyezi zambirimbiri. Kwa milalang'amba, lamulo lalikulu la SDSS linali louma gwa: uliwonse wowala kuposa magnitude 17.77 mu sefa yofiira ya kamera upatsidwe chibowo, basi. Pa muyeso wa magnitude, nambala ikamakula chinthu chimazimiririka. Diso lanu usiku wamdima kugombe, kutali ndi magetsi a pa boma, limalekera cha pa 6. Lamulo louma chonchi lili ndi phindu lomwe ana ambiri saliona msanga. Ukadziwa bwinobwino chomwe unatenga ndi chomwe unasiya, ukhoza kuwerengetsa kuchuluka kwa milalang'amba m'chilengedwe. Ukamangotola zokusangalatsa, umakhala ndi dengu la zokongola lomwe sunganene nalo kanthu za thambo lonse. Ana anu a ku Senga Bay akudziwa: msodzi wa matchera a maso aakulu amabwera ndi chambo ndi kampango, ndipo akati m'nyanja mulibe usipa anzake a chilimira amuseka. Koma bola iyeyo amadziwa kukula kwa maso a ukonde wake. Woopsa ndi amene sakudziwa n'komwe kuti ukonde wake umapulumutsa chiyani.

Pa timadontho takuthwa m'pomwe pali nkhani. Kamera ya SDSS inkajambula malo aliwonse kudzera m'masefa asanu, otchedwa u, g, r, i ndi z, kuyambira kuwala kwa ultraviolet komwe diso siliona, kudutsa kobiriwira ndi kofiira, mpaka infrared. Ukachotsera kuwala kwa mu sefa imodzi ku kwa sefa ina umapeza nambala yomwe timangoti mtundu wa chinthucho. Tsopano lembani girafu: mbali imodzi u kuchotsa g, mbali inayo g kuchotsa r, n'kuika kadontho pa nyenyezi iliyonse. Chodabwitsa n'chakuti nyenyezi sizimwazikana paliponse. Zimandandalikana mu kanjira kamodzi kopapatiza, ngati mkwaso wa ng'ombe zopita kukamwa madzi, zotentha zabuluu kumutu uku, zozizirirapo zofiira kumutu uko. Chifukwa chake n'chakuti nyenyezi ndi mpira wa mpweya wotentha, ndipo mtundu wake umadalira kwambiri chinthu chimodzi, kutentha kwa pamwamba pake. Choncho lamulo loyamba la wosaka zachilendo ndi ili: chomwe chili kunja kwa mkwaso, chifunseni.

Ma quasar ambiri amakhala kunja kwa mkwasowo chifukwa si nyenyezi n'komwe. Ndi pakatikati pa mlalang'amba wakutali pomwe black hole yaikulu (chinthu chokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikuthawamo), yolemera kuposa dzuwa kamamiliyoni kapena kamabiliyoni, ikumeza mpweya. Mpweyawo usanagwere mkati umazungulira n'kutentha koopsa, n'kuwala kuposa nyenyezi zonse za mlalang'ambawo pamodzi, makamaka mu ultraviolet. Woyamba kuzindikirika anali 3C 273. Ankadziwika ngati malo otulutsa mafunde a wailesi, koma osadziwa kuti ndi kadontho kati. Mu 1962 Cyril Hazard ndi anzake, pa telesikopu ya wailesi ya Parkes ku Australia, anadikira kuti mwezi udutse kutsogolo kwake, n'kupeza malo ake enieni poona nthawi yomwe mafundewo anazima. Pamalopo panali kanyenyezi kooneka wamba. Maarten Schmidt atakatenga spectrum pa telesikopu ya mamita 5 ku Palomar, ku America, mizere yake inamusokoneza mutu kwa kanthawi, mpaka kumayambiriro kwa 1963 pomwe anazindikira kuti ndi mizere ya haidrojeni yomweyi, koma itasunthira kofiira ndi 16 pa 100. Kuwala kwa "kanyenyeziko" kunali kutayenda zaka pafupifupi 2 biliyoni. Pofika 2020, mndandanda wa SDSS wokha unali ndi ma quasar 750,414.

Tsono kunja kwa mkwaso sikukhala ma quasar okha. Nyenyezi zakufa zotentha, zomwe timati white dwarf, nazo n'zabuluu ndipo zimakhala moyandikana nawo pagirafupo. Choipa kwambiri chimachitika pa redshift ya pafupifupi 2.7. Pamenepo mitundu ya quasar imasintha mpaka kulowa mu mkwaso wa nyenyezi wamba, ndipo nyenyezi za mtundu umenewo n'zochuluka kwambiri kuposa ma quasar. Ukati uyeze zonse, zibowo zithera pa nyenyezi. Ukati uzisiye, mapu ako adzanama kuti panali nyengo ina yomwe chilengedwe chinalibe ma quasar. A SDSS anachita zapakati: ankangoyezako gawo laling'ono la timadontho ta m'chigawo chimenecho, n'kulemba poyera kuti tayeza gawo lakutilakuti, kuti owerengetsa pambuyo pake akonze masamu awo. Ine njira imeneyi ndimailemekeza kuposa nzeru zambiri zomwe zabwera pambuyo pake.

Ma quasar akutali kwambiri ali ndi chizindikiro china. Haidrojeni ali ndi mzere wamphamvu pa mafunde a kuwala otalika nanomita 121.6, ndipo kuwala kwa mafunde aafupi kuposa pamenepo kumamezedwa ndi mitambo ya haidrojeni yomwe ili m'njira. Pa redshift ya 6, mafunde onse amatambasuka kasanu ndi kawiri, motero mzere uja umafika cha pa nanomita 850. Zotsatira zake, quasar wotere saoneka kapena amangooneka pang'ono m'masefa anayi oyamba, n'kutulukira mu z yekha. Umu ndi mmene Xiaohui Fan ndi anzake anapezera ma quasar a redshift 5.8 mu 2000 ndi 6.28 mu 2001. Koma kadontho kooneka mu sefa imodzi yokha kaŵirikaŵiri sikakhala quasar. Nthawi zambiri ndi kachidutswa kothamanga kochokera m'mlengalenga, ka cosmic ray, komwe kanamenya kamera pa nthawi yojambula. Kakapanda kutero, kamakhala brown dwarf, chinthu chomwe chinalephera kukhala nyenyezi, chozizira, chofiira, ndipo chili pafupi nafe m'Mlalang'amba wathu momwemu. Chakutali kwambiri ndi chapakhomo zimavala malaya amodzi. Chosangalatsa n'chakuti mu 1999, osaka ma quasar a SDSS anakola mu ukonde wawo brown dwarf yozizira kwambiri yokhala ndi mpweya wa methane, imodzi mwa zoyamba za mtundu umenewo zopezeka zili zokha. Zinyalala za gulu lina zinasanduka ndiwo za gulu lina.

Apa ndiulule zanga. Ndili wophunzira ndinapeza pa mndandanda kadontho ka mitundu yomwe sindinaionepo, kutali ndi mkwaso, kutalinso ndi ma quasar. Tulo tinatha. Ndinalembera ondiyang'anira usiku womwewo, mawu ambirimbiri. M'mawa anangondifunsa kuti, "Chithunzi chake mwachiona?" Ndinali ndisanachione, ndinkangodalira manambala. Titatsegula, tinaona timadontho titatu tondandalikana, kofiira, kobiriwira ndi kabuluu. Kamera ya SDSS sinkajambula masefa onse nthawi imodzi. Thambo linkadutsa pa sefa imodzi, patatha masekondi pafupifupi 72 n'kufika pa ina, motero kuchokera pa yoyamba kufika pa yomaliza pankapita mphindi pafupifupi zisanu. Mwala wa m'mlengalenga, asteroid, unali utasuntha pakati pa zithunzizo, ndipo kompyuta inayeza kuwala kwake molakwika. Kuyambira tsiku limenelo, chachilendo chilichonse ndimayamba ndachiyesa cholakwika cha makina: kuwala kotayikira kuchokera ku nyenyezi yowala yapafupi, mzere wa satelayiti, zinthu ziwiri zomatana zomwe kompyuta yaziyesa chimodzi. Zambiri zimathera pomwepo.

N'chifukwa chake mitundu yokha sitiidalira. Pabwalo la amfumu mboni imodzi siimaliza mlandu, ndiye timaitana zina. Gaia, yomwe inaulutsidwa mu December 2013 n'kumaliza ntchito kumayambiriro kwa 2025, inayeza kusuntha kwa timadontho m'kupita kwa zaka. Nyenyezi ya m'Mlalang'amba wathu imasuntha pang'onopang'ono, koma quasar ali kutali kotero kuti amangokhala phee. Kadontho kabuluu kosuntha ndi white dwarf, kosasuntha n'kokayikitsa. Mboni zina ndi mafunde a wailesi, ma X-ray, ndi infrared ya chombo cha WISE, chomwe chimaona fumbi lotentha lozungulira black hole. A SDSS ankapereka zibowo kwa timadontho topezekanso pa mapu a wailesi a FIRST ndi a X-ray a ROSAT, ngakhale mitundu yake ikhale yosakopa. Palinso kuthwanima: quasar amasintha kuwala kwake mosalongosoka pa miyezi ndi zaka, pomwe nyenyezi zambiri zosinthasintha zimatsata nthawi ngati wotchi.

Tsopano nkhani ndinalonjeza ija. Mu February 2024, gulu lotsogoleredwa ndi Christian Wolf wa ku Australian National University linalengeza za quasar J0529-4351, wowala kuposa onse odziwika pa nthawiyo. Black hole yake ndi yolemera ngati madzuwa 17 biliyoni, ndipo imameza zolemera ngati dzuwa limodzi tsiku lililonse. Quasar ameneyu ali kumwera, mbali ya thambo yomwe ife kuno timaiona bwino kuposa a ku Ulaya. Anali pa zithunzi zojambulidwa mu 1980. Anali pa mndandanda wa Gaia wa 2022, koma pulogalamu yogawa zinthu inamulemba kuti ndi nyenyezi. Chifukwa? Pulogalamuyo inaphunzitsidwa ndi zitsanzo za ma quasar odziwika kale, ndipo pa zitsanzozo panalibe wowala choncho. Inaona kadontho kowala kwambiri n'kuti, ma quasar sakhala otere. Anthu nawo anakhulupirira zomwe pulogalamu inanena. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Pamene anakamuyeza spectrum pa telesikopu ya mamita 2.3 yokha ku Siding Spring, ku Australia, zonse zinaonekera poyera.

Mtsikana wanu agwire mfundo imeneyi, chifukwa m'badwo wake udzagwira ntchito ndi makompyuta ophunzira okha kuposa ife. Pulogalamu yophunzitsidwa ndi zakale imachita bwino kwambiri kupeza zofanana ndi zakalezo. Ukaipempha ma quasar 1,000 ikupatsa, ndipo zibowo sizionongeka. Koma chinthu chosafanana ndi chilichonse chomwe inaonetsedwa imachikankhira m'gulu lomwe lili pafupi, mosakayika n'komwe. Ukamasefa kwambiri kuti zibowo zisapite pachabe, umatayanso zomwe sunkadziwa kuti ziliko.

Mankhwala ake alipo angapo, ndipo palibe okwanira paokha. A SDSS ankasiya zibowo zina za gulu lomwe ankalitcha serendipity, kutanthauza zotola mwamwayi: timadontho tabuluu mopitirira, tofiira mopitirira, kapena takutali ndi magulu onse odziwika. Zibowo zotsala pambale ankazipatsanso zinthu zotere m'malo mozisiya zogona. Nthawi zina mwayi umadza kudzera pa zotsalazo. Mu 2019, kafukufuku wa S5 pa Anglo-Australian Telescope, yemwe cholinga chake chinali mitsinje ya nyenyezi zomwazika m'mphepete mwa Mlalang'amba, anapeza nyenyezi S5-HVS1 ikuthamanga pa liwiro la makilomita oposa 1,700 pa sekondi. Ulendo wa Salima kupita ku Lilongwe ingaubwereze maulendo 17 musanamalize kuphethira kawiri. Atalondola njira yake chobwerera m'mbuyo, Sergey Koposov ndi anzake anapeza kuti inaponyedwa ndi black hole ya pakati pa Mlalang'amba wathu zaka pafupifupi 5 miliyoni zapitazo. Sankaifuna iyoyo.

Mankhwala ena ndi maso a anthu wamba, ndipo apa aphunzitsi mumve bwino. Mu July 2007 akatswiri a ku Oxford, Kevin Schawinski ndi Chris Lintott pamodzi ndi anzawo, anaika pa intaneti zithunzi za milalang'amba pafupifupi 900,000 ya SDSS n'kupempha aliyense kuti athandize kuigawa m'magulu. Ntchitoyo anaitcha Galaxy Zoo. Patangopita milungu yochepa, mphunzitsi mnzanu wa ku Netherlands, Hanny van Arkel, anaona kamtambo kabuluu pafupi ndi mlalang'amba wotchedwa IC 2497, n'kufunsa kuti kodi aka n'kachiyani. Panalibe katswiri wodziwa. Lero kamatchedwa Hanny's Voorwerp, ndipo voorwerp m'chinenero chakwawo ndi "chinthu" chabe. Zinapezeka kuti ndi mtambo wa mpweya womwe ukuwalabe chifukwa cha quasar yemwe anazima kale pakati pa mlalang'ambawo, ngati mmene mwala wa pa mafuwa umatenthera moto utazima. Anthu omwewo anayamba kusonkhanitsa timadontho tobiriwira tozungulira tomwe anatitcha nsawawa zobiriwira, Green Peas. Tinali timilalang'amba tating'ono tomwe tikubala nyenyezi mwaliwiro, kubiriwirako kukuchokera ku mzere wamphamvu wa okosijeni. Akatswiri ankatidutsa chifukwa sitinali pa funso lawo. Mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Kuno kwathu ku Africa, Michelle Lochner wa ku University of the Western Cape ndi anzake anapanga pulogalamu yotchedwa Astronomaly yomwe imayesa kuphatikiza ziwirizi. Kompyuta imandandalika zinthu kuyambira chosiyana kwambiri ndi zinzake, munthu n'kuyang'ana zoyambirirazo n'kuiuza kuti ichi n'chosangalatsa, ichi n'chilema cha chithunzi. Ikamva, imakonzanso mndandanda. Kufunika kwa munthuyo n'kwakuti kwa kompyuta, mzere wa satelayiti ndi chinthu chatsopano m'chilengedwe zonse n'zachilendo mofanana. Aigwiritsapo ntchito pa zithunzi za MeerKAT, telesikopu ya wailesi ya madishi 64 yomwe ili ku Karoo, ku South Africa.

Mwina mukuganiza kuti makina atsopano athetsa vutoli. Mbale zoboola zija zinapuma, tsopano mafaiba amasunthidwa ndi timaloboti. Makina a DESI, pa telesikopu ya mamita 4 ku Kitt Peak ku Arizona, ali ndi timaloboti 5,000 tomwe timasintha malo m'mphindi zochepa, ndipo anayamba kafukufuku wawo mu 2021 ndi cholinga choyeza milalang'amba ndi ma quasar pafupifupi 40 miliyoni. Koma makamera nawo akukula mofulumira kuposa pamenepo. Vera C. Rubin Observatory ya ku Chile, yomwe inaonetsa zithunzi zake zoyamba mu June 2025, ili ndi galasi la mamita 8.4 ndi kamera ya mamegapikiselo 3,200. Inakonzedwa kuti izijambula thambo lonse lakumwera masiku atatu kapena anayi aliwonse kwa zaka 10, n'kumatumiza machenjezo mamiliyoni usiku umodzi a zinthu zomwe zasintha kuwala kapena malo. Zina mwa izo, monga nyenyezi zophulika, zimazirala m'masiku ochepa. Wosankha kale anali ndi miyezi yoganiza. Wa lero ali ndi maola, kuti matelesikopu ngati SALT ya ku Sutherland, ku South Africa, aloze chinthucho chisanazime.

Maganizo anga, poti mwafunsa munthu wa ntchitoyi: makomiti ogawa nthawi ya telesikopu amaumira kwambiri pa zibowo za mwayi. Ndimawamvetsa, chifukwa wopempha zibowo za ma quasar amatha kulonjeza chiwerengero, pomwe wopempha za zachilendo sangalonjeze kanthu. Komabe ndikanakhala ine, kafukufuku aliyense akanasiya kagawo kakang'ono koyeza timadontho tosankhidwa mwachisawawa, popanda lamulo lililonse la mitundu. Zambiri zikanakhala nyenyezi wamba, ndipo ena akanati tataya usiku. Koma ndi njira yokhayo yodziwira zomwe ukonde wako ukupulumutsa.

Kalabu yanu ikhoza kulawa ntchitoyi popanda telesikopu. Galaxy Zoo ikadalipo pa tsamba la pa intaneti la Zooniverse, ndi yaulere, ndipo imayenda pa foni. Bandulo yaing'ono ikwanira gulu lonse mukamasinthana. Koma chomwe ndingakonde kwambiri ndi ichi. Tsiku lomwe muli ndi netiweki yabwino, tengani pa SkyServer, tsamba la pa intaneti la SDSS, mndandanda wa timadontho takuthwa 200 kapena 300 tomwe tili ndi spectrum kale, pamodzi ndi manambala a u, g ndi r. Bisani gawo lonena kuti kadontho kalikonse n'kachiyani. Ana alembe girafu ija papepala la timabokosi, aone mkwaso ukutuluka wokha. Kenako muwauze kuti ali ndi zibowo 20 zokha. Gulu lililonse lilembe lamulo lake losankhira pabolodi lisanaone mayankho, ndipo likalemba lisasinthe. Mukatsegula mayankho, awerenge zinthu ziwiri: pa 20 aja ma quasar enieni ndi angati, ndipo pa ma quasar onse omwe anali pamndandandapo, awasiya angati. Adzaona okha kuti kukonza nambala imodzi kumaononga inayo. Muwachenjezenso kuti mndandanda womwe mwawapatsawo unasefedwa kale ndi malamulo a SDSS, motero ma quasar achulukamo kuposa mmene alili kuthambo. Ndikukhulupirira mtsikana uja ndi amene adzayambe kufunsa za zomwe sizinalowe n'komwe pamndandandapo.

Mukadzapeza mwayi wobwereka telesikopu ya galasi la masentimita 20 kapena kuposa, 3C 273 amaoneka. Ali m'gulu la nyenyezi la Virgo, magnitude yake ndi pafupifupi 13, ndipo kuchokera ku Salima amadutsa pafupi ndi paliwombo, chakumpoto pang'ono, cha m'ma 9 koloko usiku m'mwezi wa May. Nyengo imeneyo mvula yatha, utsi wa moto wa tchire wa September ndi October usanayambe. Sankhani usiku wopanda mwezi, mutalikirane ndi nyali za asodzi a usipa, ndipo musindikiziretu mapu a nyenyezi zomuzungulira kuchokera pa pulogalamu yaulere ya Stellarium, chifukwa mu telesikopu muja adzaoneka chimodzimodzi ndi timadontho tina tonse toyandikana naye. Ana avale majuzi, kugombe kumazizira usiku mwera ukayamba.